Gogodela: Mfuti ya Makolo Athu

Pa nthawi ya nkhondo za Angoni, mafumu ena a Acewa anadziteteza ndi gogodela, mfuti yothira wonga ndi cipolopolo kukamwa. Mwase Kasungu anali nazo zambiri kufikira pamene Angerezi anamgonjetsa mu 1895. Mfutizi zinafika ndi Aluya ndi Acikunda, posinthana ndi minyanga ndi akapolo.

Zina zikali m'nyumba zathu. Kodi zaka zake tingazidziwe bwanji? Tiyambe ndi citsulo ca pambali, pomwe pali kampani ka moto. Tikaona cisoti cacifumu ndi zilembo GR, ndiye za mafumu ochedwa George. VR ndi Mfumukazi Victoria, amene analamulira kucokera 1837 kufikira 1901. Pa mfuti za Enfield za mtundu wa 1853 caka cimadindidwa pomwepo. Yoyatsa wonga ndi mwala ndi ya kapangidwe kakale kuposa ya fataki, imene asilikali a Angerezi anayamba kunyamula ca m'ma 1840.

Koma ticenjere. Liwu lakuti TOWER palokha si umboni, popeza amalonda a ku Birmingham ndi Liège ankalidindanso pa mfuti zochipa zogulitsa kuno. Ndiponso osula athu ankasema thako latsopano, kumanga mpope ndi waya kapena cikumba, ndi kuphatikiza zitsulo za mfuti ziwiri. Caka ca pa citsulo cimodzi sicinena msinkhu wa mfuti yonse.

Tisakwece zilembozi pocotsa dzimbiri, ndipo tifunse akulu dzina la mwini wake woyamba asanatisiye.