Kodi juga ya baccarat idachokera kuti?

Funso: Akulu, m'mafilimu a James Bond ndimaona anthu ovala masuti akubetcha pa masewero a makadi otchedwa baccarat. Amasewera bwanji, nanga adayambitsa ndani?

Yankho: Masutiwo asakuopseni, mutu sugwira ntchito kwenikweni pamenepa. Pa mtundu wofala m'makasino lero, wa punto banco, wogawa amaika makadi awiri mbali ya Player, awiri mbali ya Banker. Inu mumangobetcha mbali imene iyandikire 9. Ace ndi 1, pomwe 10, Jack, Queen ndi King alibe kanthu. Zikapitirira 9 mumachotsapo 10, choncho 7 ndi 8 zimapereka 5. Khadi yachitatu imabwera mwa lamulo, sakufunsani maganizo. Mukawina pa Banker, kasino imadulapo 5 pa 100 iliyonse. Kubetcha kuti mbali ziwirizi zifanana kumalipira 8 pa 1, koma ndiko kotayira ndalama msanga.

Za chiyambi, mudzamva kuti adayambitsa ndi Mtaliyana wina, Felix Falguiere, m'zaka za m'ma 1400, potengera mwambo wakale woti namwali aponye dayisi ya mbali 9 kuti adziwe ngati akhale moyo. Nthano yokoma ndithu, koma chikalata cha nthawiyo chotchula munthuyu palibe. Masewerowa amayamba kuoneka bwino m'mabuku a ku France m'zaka za m'ma 1800, basi.

Nkhani imene sinditopa nayo ine ndi ya mu September 1890, kunyumba yotchedwa Tranby Croft, pafupi ndi Hull ku England. Alendo ankatchova baccarat usiku, ngakhale malamulo ankaletsa. Wogawa makadi anali Kalonga wa Wales mwiniwake, amene adadzakhala Mfumu Edward VII, ndipo tizida tobetchera, tachikopa, ankayenda ndi take. Mwana wa mfumu kumayenda ndi zida za juga m'chikwama! Ena mwa osewera adati adaona mnzake wa Kalongayo, msilikali Sir William Gordon-Cumming, akuwonjezera mwakabisira ndalama pa beti ataona kuti wawina. Zonse zimene adapata mausiku awiri zinali mapaundi 225.

Adamusainitsa pepala lolonjeza kuti sadzagwiranso makadi moyo wake wonse, iwo n'kulonjeza kusunga chinsinsi. Chinsinsi cha anthu ochuluka chonchi chikadasungika bwanji? Mphekesera zitadzaza London, iye adawasumira omunenezawo, ndipo mu June 1891 Kalonga adakaima m'khoti ngati mboni. Oweruza a jury adangotenga mphindi 13, Gordon-Cumming n'kuluza. Kwa ine, umboni wa anthu amene adayamba agwirizana zoti anene ngokayikitsa, ndipo khamu lomwe linali panja lidawakuwiza opambanawo. Iye adachotsedwa usilikali, koma tsiku lotsatira chigamulocho adakwatira Florence Garner, mtsikana wolemera wa ku America, amene adakana kumusiya.