Msewu ukakuthawa, umagulitsa chiyani?

Mukafika ku Seligman, katauni kakang'ono ka ku Arizona m'dziko la America, mupeza sitolo iliyonse ikugulitsa nambala imodzimodzi: 66. Ili pa makapu, pa zipewa, pa malaya, ngakhale pa tokolowekera makiyi. Poyamba mukhoza kuseka, n'kumati awa ndi malonda odyera alendo basi. Dikirani kaye, nambalayi ili ndi mbiri.

Route 66 ndi msewu umene unakhazikitsidwa mu 1926, wochoka ku Chicago kukafika ku Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,940. M'zaka za m'ma 1930, chilala ndi mphepo ya fumbi zitawononga minda ku Oklahoma ndi madera ozungulira, mabanja anapakira katundu pa magalimoto n'kutsata msewuwu kukasaka ganyu ku California. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera ena, okaona malo, a ndalama m'thumba. Matauni a m'mbali mwa msewu ankadyera pomwepo: kugulitsa mafuta, chakudya ndi malo ogona.

Kenaka mu 1956 Pulezidenti Eisenhower anasayina lamulo lomanga misewu ikuluikulu yothamangapo. Ku Seligman tsoka linagwa pa 22 September 1978, tsiku limene msewu watsopano wa Interstate 40 unatsegulidwa molambalala tauniyi. Magalimoto anangoti zii. Mu 1985 Route 66 unachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya dziko. Tangoganizani, m'bale wanga: sitolo ilipo, katundu alipo, koma wodutsa palibe.

Amene anakana kufa ndi Angel Delgadillo, wometa tsitsi wobadwira m'tauni momwemo mu 1927. Mu 1987 iye ndi anzake anayambitsa bungwe la Historic Route 66 Association of Arizona, ndipo chaka chomwecho boma la Arizona linavomera kuti chigawo cha msewuwo chidziwike ngati cha mbiri. Alendo anayamba kubwerera, akufunsa kanthu kopita nako kwawo. Malo ake ometera aja anasanduka sitolo ya zikumbutso. Ndiye kapu ija musayinyoze, ndi imene inabweza chakudya m'nyumba za ku Seligman.

Komabe pali chimene chimandivuta. Sitolo imagulitsa mbiri yokoma yokhayokha: magalimoto akale onyezimira, nyali zokongola, ufulu woyenda. Njala ya alimi a ku Oklahoma aja siikwana pa kapu. Ndipo ufulu woyendawo sunali wa aliyense. Munthu wakuda ankakanizidwa malo ogona ndi odyera m'matauni ambiri, mwakuti kuyambira mu 1936 Victor Hugo Green ankasindikiza kabuku kotchedwa Green Book, kosonyeza malo amene wakuda akanalandiridwa.

Tsiku lina mukadzafikako, kapu mudzagule, eni ake adye. Koma mudzafunsenso wogulitsayo kuti pa msewu uwu ankagona m'galimoto ndani, ndipo chifukwa chiyani.