MBIRI YA MADZI OSAMBA: KUCHOKERA PA MKHATE KUFIKA PA SOLA

Chisanu cha Juni chafika, ndipo kuno ku Dedza mukuchidziwa kale, madzi a mu ndowa m'mawa amachita kuluma zala. Ndiye lero ndati tikambirane mbiri ya madzi otentha osamba. Pa madenga ena m'tauni tayamba kuona thanki yogona chopingasa, kunsi kwake kuli machubu agalasi akuda ondondozana, ndipo anthu akufunsa kuti chimenechi n'chiyani. Ndifikako, koma tiyambe ndi kumene tachokera.

Kale, mmene ankafotokozera agogo athu, munthu wamphamvu zake ankasamba kumtsinje. Amuna anali ndi dooko lawo, amayi lawonso, ndipo nthawi yachisanu ankadikira dzuwa likwere kaye. Madzi otentha anali a anthu owerengeka: nkhalamba, wodwala wofunika kumuthowa, mayi wa m'chikuta ndi khanda lake, komanso bambo wa pakhomo akaweruka kumunda. Mayi ankatereka mphika pa mafuwa, madzi akatentha n'kuthira mu mkhate, n'kusakaniza ndi ozizira, basi kukaika kuseri kwa nyumba. Nkhuni sizinali nkhani. Misuku, mombo ndi mitengo ina yachilengedwe inali pafupi, munthu ankangotola zouma zogwa zokha. Chikuni chimodzi chinkagona ndi moto usiku wonse, m'mawa kungokoleza.

Anthunso anali ochepa. Kalembera wa 1966 anapeza kuti m'Malawi monse tinalipo pafupifupi 4 miliyoni. Nthawi imeneyo azibambo ambiri ankapita ku Wenela ndi ku Halale, pobwera ankabwera ndi ndowa zamalata, mabeseni ndi sopo. Anabweranso ndi chizolowezi chosamba ofunda tsiku ndi tsiku. Pang'onopang'ono mkhate unasowa, bafa laudzu linamangidwa pakhomo lililonse, ndipo kupititsa madzi kubafa kunasanduka ulemu umene mtsikana amalangizidwa pokwatiwa. Ulemuwo ndi wabwino ndithu, koma ndowa iliyonse yopita kubafa inali ndi nkhuni zake, ndipo nkhunizo zinkabwera pamutu pa munthu.

Chaka chomwecho cha 1966 makina opangira magetsi anayamba kugwira ntchito pa Nkula, pa mtsinje wa Shire. Kenako kunabwera Tedzani mu 1973, Kapichira mu 2000. Ndiye m'nyumba zazikulu za m'tauni munalowa giza, thanki yamagetsi ija yobisika kudenga, munthu kungotsegula mpopi madzi otentha n'kumatuluka. Ife kumudzi zimenezo tinkangozimva kwa amene ankagwira ntchito m'nyumbazo. Mpaka kalembera wa 2018, mabanja owunikira magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 alionse, pomwe oposa 9 pa mabanja 10 alionse ankaphikira nkhuni kapena makala. Apa mutha kuona kuti madzi osamba a dziko lino akhala akutenthetsedwa ndi mitengo.

Ife amene tinali pasukulu nthawi ya Kamuzu tikukumbuka tsiku lodzala mitengo mu Januwale. Tinkanyamula mbande za bulugama ndi malaina, mvula ili pamsana. Boma linali litaona kale kuti mitengo ikuchepa. Fodya ankafuna milimo ya zigafa ndi nkhuni za mu balani. Nyumba za njerwa zootcha zitayamba kuchuluka, uvuni umodzi unkameza mitengo ikuluikulu. Pofika 1987 tinali titakwana pafupifupi 8 miliyoni. Zaka zomwezo nkhondo ya ku Mozambique inakula, abale athu a kutsidya anathawira kuno, ku Dedza, Ntcheu, Mwanza, Nsanje ndi maboma ena, mpaka anapitirira 1 miliyoni. Tinakhala nawo bwino, ambiri ndi achibale athu enieni, koma nawonso ankafunika kuphika, kumanga ndi kuwotha. Mtendere utabwera kwawo mu 1992 anayamba kubwerera, koma mapiri ambiri a m'malire anali atayera.

Itadutsa 1994 malonda a makala anakula kwambiri. Lamulo la zankhalango la 1997 linati wootcha makala akhale ndi chiphaso, koma njinga zonyamula matumba sizinasiye kutsetsereka kulowera m'tauni m'bandakucha. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene a ku Lilongwe mumamwa, inadulidwa mpaka boma linatumizako asilikali kuti akailondere. Pofika 2018 tinali 17.5 miliyoni, malo omwewo, mapiri omwewo.

Tsono tiwerengere amene analipira. Ndi mayi ndi mwana wamkazi. Ulendo wa nkhuni umene agogo ankayenda mphika uli pamoto, lero umadya m'mawa wonse. Mtsikana amafika mochedwa kusukulu khosi likuwawa ndi mtolo. Pakhomo pakasowa nkhuni timasonkha zitsononkho ndi mapesi, zomwe zikanawolera m'munda n'kukhala manyowa. Ndipo nkhuni zikachepa, nsima ndiyo imayamba, madzi osamba amatsalira. N'chifukwa chake mwezi uno ana ambiri ali mbuu, mapazi ming'alu yokhayokha. Si uve ayi, ndi kusowa kwa moto.

Inu a kutauni musaganize kuti nkhaniyi ndi yathu yokha. Giza ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimadya mayunitsi kwambiri m'nyumba, ambiri a inu munaizimitsa kalekale n'kugula mbaula. Mu 2016 ndi 2017 madzi atachepa m'nyanja ndi mu Shire, magetsi ankathima maola ambirimbiri. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kukonza kwake kunatenga nthawi yoposa chaka. Nthawi zonsezo madzi osamba a m'tauni anabwerera pa makala. Makalawo amachokera m'mapiri, mapiri akayera mvula imakokolola dothi, dothi limathera m'mitsinje mpaka kukatseka makina a magetsi ku Shire, magetsi akavuta makala amakweranso mtengo. Tonse tili pa chingwe chimodzi.

Thandizo loyamba linali mbaula yadothi ija ya Chitetezo. Mu 2013 boma linalonjeza kuti pofika 2020 mbaula zosamala nkhuni zikhale zitafika 2 miliyoni, ndipo magulu a amayi m'midzi anaphunzira kuziumba. Amene ali nayo akudziwa kuti mtolo umakhalitsa. Koma nayonso imafuna nkhuni, ngakhale zochepa.

Apa ndi pamene pakubwera thanki ya padenga ija. Nzeru yakeyi ndi yakale kuposa mmene ambiri timaganizira, ndipo inayambira kutali. Ku America, munthu wina dzina lake Clarence Kemp wa mu mzinda wa Baltimore anayamba kugulitsa chotenthetsera madzi cha dzuwa mu 1891. Chinali chapafupi: mathanki opaka utoto wakuda, oikidwa m'bokosi lovundikira ndi galasi. Vuto lake linali loti usiku madzi ankazizira. Mu 1909 William Bailey wa ku California analekanitsa ziwirizi, mapaipi otenthetsera kukhala padzuwa, thanki yosungira n'kuikutira bwino kuti madzi afike m'mawa akadali otentha. Dziko la Israel, limene linkavutika kupeza mafuta, linaigwira nzeruyi mwamphamvu, mpaka mu 1980 linakhazikitsa lamulo loti nyumba zatsopano zokhalamo anthu zizikhala ndi chotenthetsera cha dzuwa. Inu a ku Joni mwaziona ndi maso, magetsi atayamba kuvuta kumeneko mu 2008, mathanki amenewa anadzaza pa madenga a nyumba za RDP. Kuno kwathu dzuwa lalowanso m'magetsi a dziko lonse: ku Salima anatsegula malo a sola a mamegawati 60 mu 2021, ndipo pa Golomoti pompano pali ena a mamegawati 20.

Koma tisasokoneze zinthu ziwiri. Sola imene tinazolowera, yotchajira foni ndi kuyatsa mababu, imapanga magetsi. Iyi ya madzi sipanga magetsi, ilibe batire, ilibe waya. Imagwira ntchito ngati mwala wakuda umene umaotcha phazi masana. Dzuwa limatenthetsa madzi m'machubu akuda aja, madzi otentha amapepuka n'kukwera okha kupita m'thanki, ozizira amatsika kudzatenga malo awo, tsiku lonse kumangozungulira choncho popanda pampu. N'chifukwa chake thanki imakhala pamwamba pa machubu. Thankiyo ndi yokutidwa ngati fulasiki ya tiyi, madzi a masana mumasamba usiku, ena n'kutsala a m'mawa.

Amene mukuganiza zogula, mverani izi. Machubu ayang'ane kumpoto, chifukwa miyezi yachisanu dzuwa limadutsa mbali ya kumpoto, ndipo pasakhale mthunzi wa mtengo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 200 ikadzaza ikuposa matumba anayi a chimanga. Denga la mitengo yofooka silingapirire, bola kuimangira nsanja yakeyake yolimba. Imafunanso madzi olowa kuchokera pamwamba, kaya a pampopi kaya a thanki ina yokwezeka. Ikauma osathiramo madzi ozizira dzuwa lili paliwombo, machubu amasweka, dikirani m'mawa kapena madzulo. Madzi a mijigo ina amasiya zoyera ngati za mu ketulo, choncho pamafunika kutsuka nthawi ndi nthawi. Mu Okutobala madzi ake amatha kuwaula khungu, ana asamatsegule okha. Ndipo masiku a mitambo ndi chifunga, kapena chiperoni kwa anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje, amangofunda pang'ono, mbaula musataye.

Kulinso makina ena amene m'masitolo amawatchula kuti heat pump. Amenewa ali ngati filiji yotembenuza: filiji imachotsa kutentha mkati n'kutaya kunja, pomwe awa amatenga kutentha kwa mumpweya n'kukuika m'madzi. Magetsi amene amadya ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a amene giza imadya. Ndi abwino kwa a m'tauni, koma magetsi akathima nawonso amagona, ndipo kumudzi kopanda waya alibe ntchito.

Nanga ife osauka? Thanki ya padenga ndi yodula, zimenezo tisanamizane. Koma dzuwa lomwelo likuwala pakhomo pa aliyense. Chigubu cha malita 20 chakuda, kapena chopaka utoto wakuda, mukachidzaza m'mawa n'kuchiika pa lata pamalo obisika mphepo, pofika chakumadzulo madzi afunda okwanira kusambitsa ana. Mukachiika m'bokosi n'kuphimba ndi pulasitiki yoonekera mkati chimafunda koposa, ndiyo nzeru ya Kemp ija imeneyo. Madzi amenewa ndi osamba ndi kuchapira basi, akumwa ndi nkhani ina. Chofunika n'kusintha nthawi yosamba, ana azisamba dzuwa lisanalowe monga ankachitira makolo kudooko, m'malo molimbana ndi chisanu cha m'mawa. Pakhomo panga timatero, ndipo moto wa madzulo umangokhala wa nsima ndi ndiwo.

Mutu umodzi susenza denga. Pa mabanja apachibale okhala bwalo limodzi, thanki imodzi itha kutumikira agogo, odwala ndi makanda a nyumba zitatu. A banki m'khonde, pogawana ndalama kumapeto kwa chaka muziikumbukirako nkhaniyi. Ndipo inu ana athu a kutauni ndi ku Joni amene mukumangira makolo nyumba za malata, mumakumbuka sofa ndi TV, chabwino, koma funsaninso kuti amayi anu madzi osamba azitenthetsa ndi chiyani pamene msana wawo watha. Pomanga pomwepo uzani mmisiri alimbitse malo oikapo thanki, olo muigule chaka china.

Kuyambira pa mkhate mpaka pa giza, madzi otentha akhala akulipiridwa ndi mutu wa mayi, mtengo wa m'phiri kapena mayunitsi. Dzuwa ili takhala tikuyanikapo mphale, ufa, fodya ndi mfutso chibadwire, madzi okha ndi amene tinali tisanalipatse. Mitengo tidzalebe ikagwa mvula, chifukwa nsima idzafunabe moto.

Akuluakulu amene munasambira mu mkhate, auzeni adzukulu mmene zinalili, mbiriyi isathere pa ife. Fundani bwino, ana avale majuzi.