Kuonda kwa Njala ndi Kuonda Kofuna

M'midzi yathu ya kuno ku Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, mwayamba kumveka mawu amene agogo athu akadawamva akadagwira pakamwa. Munthu apita kuchipatala mutu ukumuwawa, amukweza pa sikelo, amumanga lamba woyezera magazi pamkono, kenaka amuuza kuti, "Muchepetse thupi." Munthu uja abwerera kumudzi ali wokhumudwa, nafunsa abale ake kuti, "Kodi ndiye ndionde ngati wodwala? Nanga anthu adzati chiyani?" Funso limeneli tisaliseke, abale, pakuti lili ndi mbiri yake. Kuti timvetse chifukwa chimene uphungu wochepetsa thupi umatilemera chotere, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndi kuona mmene kuonda ndi kunenepa zidakhalira pakati pathu.

Makolo athu sankaonda mwa kufuna. Nyengo ndiyo inkawaondetsa. Mvula ikagwa mu Disembala, ntchito inkachuluka pamene nkhokwe inkatsika. Mu Januwale ndi Febuluwale munthu ankapalira ndi kubandira tsiku lonse, koma madzulo nsima inkachepa m'mbale, ndipo mabanja ambiri ankagonera maungu kapena phala la gaga. Masika akafika, thupi linkabwerera. Zimenezi zidakopa ngakhale anthu ophunzira: m'chaka cha 1938 dokotala wina, B. S. Platt, adayamba kafukufuku m'midzi ya boma la Nkhotakota, loyandikana nafe, kuyeza chakudya chimene anthu ankadya m'nyengo zosiyanasiyana za chaka. Nawo ofufuza a pamudzi wa Keneba ku Gambia, amene akhala akuyeza alimi kwa zaka zambiri, adapeza kuti akuluakulu amataya makilogalamu angapo m'miyezi ya njala ndi kuwapezanso akakolola. Motero mafuta a m'thupi adali ngati nkhokwe yachiwiri: wonenepa pa masika ndiye ankafika ku masika ena ali ndi mphamvu. N'chifukwa chake mawu oti "mwanenepatu" adasanduka moni waulemu ndi woyamikira.

Fodya adadzawonjezera tanthauzo lina pa nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1970 madambo ndi zigwa za Kasungu zidadzaza ndi maesiteti, monga a Press Farming ndi General Farming, pamodzi ndi minda ya bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Lamulo silinkalola mlimi wamba kulima fodya wa bale pamunda pake, mpaka lidayamba kufewetsedwa m'chaka cha 1990. Mabanja ambiri ochokera ku maboma a kumwera adabwera kudzakhala matenanti, ndipo chimanga chimene ankalandira chidali ngongole yodzadulidwa fodya akagulitsidwa. Ana a nthawi imeneyo adakula akuona mitundu iwiri ya matupi: la mwini munda wotsika m'galimoto mimba ili patsogolo, ndi la tenanti wotuluka m'chigafa nthiti zikuwerengeka. Palibe adafunikira kuwaphunzitsa thupi loyenera kulikhumbira. Alimi wamba ataloledwa kutumiza mabelo awo ku okushoni ya ku Kanengo, kenaka ku Chinkhoma, ndalama zoyamba zidapita ku zimene adazisowa kwa zaka zambiri: nyama, shuga, mafuta ophikira, buledi, zakumwa zotsekemera ndi mowa.

Pambuyo pake kudagwa masautso awiri amene adachititsa kuti kuonda kukhale chinthu choopsa. Loyamba lidali Edzi, imene idapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985. Anthu adaitcha kaliwondewonde, ndipo aliyense woonda mwadzidzidzi ankalozedwa chala kumaliro ndi kuchitsime. Mankhwala aulere otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa m'chaka cha 2004, koma manyazi aja sadathere pomwepo. Lachiwiri lidali njala ya 2001 mpaka 2002, imene idakantha Kasungu koposa maboma ambiri. Zokolola zidachepa, chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, ndipo pa 27 Febuluwale 2002 Pulezidenti Bakili Muluzi adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene pa nthawiyo adali mnyamata wa zaka 14, adafotokoza m'buku lake la 2009 mmene banja lawo lidafikira pa kudya kamodzi kokha patsiku. Ambiri a ife sitisowa buku kuti tikumbukire zimenezi, pakuti tidaika abale athu m'manda chaka chimenecho.

Tsono pamene ife tinkaonda mosafuna, kumaiko a kutsidya kwa nyanja anthu adali atayamba kale kufunafuna njira zoondera. Mu 1863 William Banting wa ku London, amene ntchito yake idali yokonza maliro, adasindikiza kabuku kosimba mmene adatayira makilogalamu oposa 20 atasiya buledi, shuga, mowa ndi mbatata pomvera dokotala wake. M'zaka za m'ma 1890 Wilbur Atwater wa ku America adayeza mphamvu imene chakudya chilichonse chimapereka m'thupi, pogwiritsa ntchito muyezo wotchedwa kalori. Adasonyeza kuti galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu imodzi ya sitalichi kapena ya zomanga thupi ili ndi 4. Mu 1918 dokotala wamkazi, Lulu Hunt Peters, adaphunzitsa anthu wamba kuwerenga makalori a pambale pawo. Mu 2012 malemu Michael Mosley adafalitsa pa kanema wa BBC njira yodya bwinobwino masiku asanu pa sabata ndi kudya makalori 500 kapena 600 okha masiku awiri otsalawo. Ena amadya mkati mwa maola 8 nasala maola 16, ndipo ena amadya kamodzi patsiku. Taonani, chimene chidatiliza mu 2002 anzathu amachilipirira ndalama kuti achiphunzire!

Kusala mwa kufuna nako si chinthu chachilendo kwa ife akhristu. Akuluakulu akukumbukira kuti kale wofuna kulandira Ukaristia sankadya kapena kumwa kanthu, ngakhale madzi, kuyambira pakati pa usiku, ndipo ambiri ankayenda mtunda wautali kupita ku Misa m'mimba mulibe kanthu. Papa Pius XII adalola madzi mu 1953, nachepetsa nthawiyo kufika pa maola atatu mu 1957, ndipo Papa Paulo VI adaifikitsa pa ola limodzi mu 1964. Mu 1966 Papa yemweyo adakonzanso malamulo a Lenti, kotero kuti masiku okakamizidwa kusala adatsala awiri, Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Pali chinthu chimodzi choyenera kuchisunga pa malamulo amenewa: Eklezia sakakamiza ana, okalamba ndi odwala kusala chakudya. Lenti kwathu kuno imagwa m'miyezi yomweyo ya njala, ndipo abusa anzeru akhala akudziwa kuti munthu wopanda ufa m'nyumba sauzidwa kuti asale.

Nanga lero tafika pati? Kafukufuku wa boma wa za umoyo adapeza kuti mu 1992 amayi 10 mwa 100 alionse adali ndi thupi lopitirira muyezo. Pofika 2015 ndi 2016 adali 21 mwa 100. Kafukufuku wina wa 2009 adapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 adali ndi matenda a shuga. Chifukwa chake tikuchiona ndi maso. Mtondo udalowedwa m'malo ndi chigayo, ulendo wapansi ndi kabaza kapena njinga yamoto, ndipo pa malo ochitira malonda chiwaya sichizima. Munthu wolima tsiku lonse atha kutentha makalori 3,000 kapena kuposerapo, pamene wokhala m'golosale kapena muofesi amatentha pafupifupi 2,000 kapena kupitirira pang'ono. Vuto lake n'lakuti wa m'golosaleyo akudyabe mitanda ya nsima yofanana ndi imene ankadya ali ndi khasu m'manja. Nkhokwe yachiwiri ija ikungodzaza, miyezi yoitapa palibe, ndipo chakudza sichiimba ng'oma: tsiku lina timangomva kuti uje wagwa, ziwalo zafa mbali imodzi.

Kodi pa njira zonse zoondera zija yopambana ndi iti? Mu 2022 madokotala a ku Guangzhou, m'dziko la China, adalengeza zotsatira za kafukufuku wa chaka chathunthu pa anthu 139 onenepa kwambiri. Onse adachepetsedwa chakudya mofanana, koma theka la iwo linkadya pakati pa 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko madzulo pokha. Chaka chitatha, awa adataya makilogalamu 8, anzawowo 6 ndi pang'ono, ndipo ofufuzawo adati kusiyanako n'kochepa kosati n'kudalira. Ndiye kuti chimene chimaondetsa munthu ndi kuchuluka kwa zimene wadya, pamene nthawi yodyera imangothandiza ena kudziletsa. Phindu la kuonda koyenera nalo lidayezedwa: ku Britain mu 2017, pa anthu onenepa odwala shuga amene adachepetsa thupi moyang'aniridwa ndi achipatala, pafupifupi theka adapezeka patatha chaka shuga wawo ali bwino popanda mankhwala.

Masamu ake ngosavuta. Magalamu 100 a ufa ali ndi makalori pafupifupi 360. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi 120, kasupuni ka shuga 16, ndipo botolo limodzi la chakumwa chotsekemera lili ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Choncho wochepetsa 500 patsiku amataya pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata m'miyezi yoyamba. Sipafunika kugula tiyi wodabwitsa kapena mapilisi a pamsika. Kuchotsa mtanda umodzi pa mgonero, kuchulutsa nkhwani, chisoso, bonongwe ndi nyemba, kubwerera ku mgaiwa, kuchepetsa shuga, mafuta ndi mowa, ndi kuyenda pansi tsiku lililonse, zimenezi n'zokwanira kwa ambiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Wofuna kuonda mwa changu amve za ku Minnesota. Mu 1944 ndi 1945 Ancel Keys adayesa anyamata 36 odzipereka, nawapatsa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa masabata 24. Adataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, koma adafooka, ankamva kuzizira, ankapsa mtima msanga, ndipo maganizo awo onse adali pa chakudya. Atamasulidwa adadya mopitirira, nanenepa kuposa poyamba. Ife a ku Kasungu tikuzidziwa zimenezi, popeza tidaona mmene anthu adagwera pa chimanga chachiwisi njala ya 2002 ikutha. Thupi silisiyanitsa njala ya chilala ndi njala yodzipatsa. Likapanikizidwa kwambiri limasunga mphamvu, ndipo likapeza mpata limabwezera.

Tsono pali chenjezo limene mabanja athu ayenera kuligwiritsa. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 ndi 2016 adapezanso kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu adali okwinimbira. Ndiye kuti pakhomo pamodzi pakhoza kukhala bambo wofunika kuchepetsa thupi ndi mwana wofunika kuwonjezeredwa chakudya. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, mwana amene akukula, nkhalamba yofooka, wodwala chifuwa chachikulu, onsewa asasale kuti aonde. Amene akumwa kapena kubaya mankhwala a shuga asayambe kudumpha chakudya asanafunse kuchipatala, chifukwa shuga atha kutsika mpaka munthu kukomoka. Ndipo wina akayamba kuonda osadziwa chifukwa chake, kumeneko si kupambana, apite akayezedwe. Tiyang'anirenso atsikana athu, amene zithunzi za pa foni zikuwaphunzitsa kunyoza matupi awo.

Mbiri yathu yatiphunzitsa kuopa kuonda, ndipo mantha amenewo adali ndi chifukwa. Komabe kuonda kwa njala ndi kuonda kofuna n'zosiyana monga mmene kulandidwa kumasiyanira ndi kupereka. Wanjala sasankha tsiku loyamba kapena lomaliza. Wosala mwa nzeru amadziwa muyezo wake, ndipo nkhokwe yake imakhala ilipo. Mneneri Yesaya, m'mutu 58, adaphunzitsa kuti kusala kovomerezeka kumayendera pamodzi ndi kugawana chakudya ndi anjala. Mtanda umene bambo wausiya m'mbale, dzira ndi nsinjiro zimene zagulidwa ndi ndalama ya mowa, zipite kwa mwana wa pakhomo kapena kwa mnansi amene ufa wamuthera mu Febuluwale. Ndipo mnzathu wa mu mphakati akabwera atachepa thupi pomvera achipatala, tileke kunong'onezana kumbuyo kwake. Timufunse mmene akupezera, ndipo ngati nafenso lamba wayamba kutithina, timupemphe kuti mawa m'mawa tiyende naye limodzi.