Itawa, Ndola ndi mpamba wa mkuwa

Itawa ndi dera la mumzinda wa Ndola, m'chigawo cha Copperbelt ku Zambia, m'mphepete mwa dambo lomwe madzi ake amathira mumtsinje wa Kafubu. Bwalo la ndege la mzindawu linali komweko mpaka mu 2021, pamene boma linatsegula bwalo latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe, lomangidwa ndi ngongole ya ku China. Ku Itawa kulibe mgodi wa mkuwa, koma lendi ya nyumba, malonda a m'magolosale ngakhale ganyu wa amisiri zimakwera ndi kutsika potsatira mtengo wa mkuwa pamsika wa ku London. N'chifukwa chake dera ngati ili ndi malo abwino oyezerapo mpamba wakunja: funso lenileni si kuchuluka kwa ndalama zolowa m'dziko, koma kuti ndi zingati zimatuluka m'mgodi n'kufika m'tauni.

Mbiri ya migodi ya mkuwa ndi ya kulanda ndi kugulitsa. Mu 1969 Pulezidenti Kenneth Kaunda analengeza kuti boma litenga magawo 51 pa 100 alionse a migodi, ndipo mu 1982 makampani awiri a migodi anaphatikizidwa kukhala ZCCM. Mtengo wa mkuwa utagwa, ndalama zokonzera makina zinasowa. Dziko lomwe linkakumba matani oposa 700,000 pachaka linatsika kufika pafupifupi matani 250,000 pofika 2000, chaka chomwe migodi ikuluikulu inagulitsidwa. Glencore ndi First Quantum anatenga Nkana ku Kitwe ndi Mufulira pansi pa dzina la Mopani. Anglo American inatenga Konkola koma inasiya mu 2002, kenako Vedanta ya ku India n'kulowa mu 2004. Mkuwa unayambanso kuchuluka, zimenezo palibe angatsutse. Koma Ndola unali mzinda wa mafakitale, ndipo ambiri mwa iwo, monga ya matayala ya Dunlop, anatseka zipata katundu wakunja atasefukira m'zaka za m'ma 1990. Ngakhale Indeni, yomwe inkayenga mafuta ochokera ku Dar es Salaam kudzera m'paipi ya TAZAMA kuyambira 1973, inaleka kuyenga.

Lero amalonda akuthamangiranso ku Copperbelt chifukwa magalimoto oyendera magetsi ndi nthambo zamagetsi zimadya mkuwa wambiri. Mu 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inatenga magawo 51 pa 100 a Mopani pamgwirizano wa madola 1.1 biliyoni, Vedanta, yomwe inali itachokako, inabwerera ku Konkola, ndipo boma likufuna matani 3 miliyoni pachaka pofika 2031. Ena anganene kuti kudandaula n'kosafunika, popeza mkuwa umabweretsa pafupifupi magawo 70 pa 100 a ndalama zakunja ndipo misonkho yake imamanga misewu. Mfundoyi ili ndi mutu, koma imaiwala kuti ndalama zimenezi zimakhala ngati madzi a m'dambo, osefukira dzinja n'kuphwa chilimwe. Mkuwa uli pamtengo wabwino, Zambia inayamba kubwereka pamisika yakunja, ndipo pakati pa 2012 ndi 2015 inatenga madola 3 biliyoni. Mu Novembala 2020 inalephera kulipira chiwongoladzanja cha madola 42.5 miliyoni, ndipo zokambirana zofewetsa ngongolezo zinatenga zaka zoposa zitatu. Malamulo a msonkho nawonso sanakhazikike: msonkho wapadera wa phindu lochuluka unakhazikitsidwa mu 2008, chaka chotsatira n'kuchotsedwa. Woika mpamba wa zaka 20 amaopa kusinthasintha kotere kuposa msonkho wokwera.

Enanso amaloza fakitale ya simenti ya Dangote ku Masaiti, pafupi ndi Ndola, yomwe inatsegulidwa mu 2015, ngati umboni woti mpamba umafalikira wokha. Komatu simenti n'njolemera, kuitanitsa kutali n'kodula, ndipo mwala wa laimu uli pomwepo. Mwayi wotere supezeka pa katundu aliyense. Mkuwa wambiri umachokabe m'dziko usanasandulike chipangizo chilichonse, kupatulapo wochepa womwe ZAMEFA ya ku Luanshya imapangira nthambo.

Chomwe chingakope mafakitale otere ndi magetsi ndi madzi odalirika, ndipo apa ndi pomwe chigawochi chafooka. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi m'damu lopangira magetsi la Kariba, owotcherera zitsulo ndi eni zigayo ankakhala maola ambiri tsiku lililonse opanda magetsi, ena n'kumagwira ntchito pakati pa usiku. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, madzi a asidi n'kulowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, moti mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa kwa masiku angapo ndipo alimi a m'mbali mwa mtsinje anataya chimanga chili m'munda.