Kusamutsa ngongole: kuyambira pa hawala mpaka pa khadi la banki

Mnyamata wina wa ku Ntaja amene akugwira ntchito ku Britain watumiza funso kwa mashehe akwawo. Ali ndi ngongole pa khadi la banki, ndipo ikukula mwezi ndi mwezi chifukwa cha chiwongoladzanja. Banki ina yamuuza kuti asamutsire ngongoleyo kwa iwo, ndipo kwa miyezi ingapo sadzawonjezerapo kanthu. Iye akuona kuti apa apumako, abweza zonse, kenako ayamba kusunga. Kodi Shariah ikuloleza?

Ambiri mwa ife a ku Machinga ndi Balaka sitidagwirepo khadi lotere, koma nkhani yochotsa ngongole m'manja mwa uyu n'kuyiika m'manja mwa uyo ndi yakale, m'mabuku a fiqh ngakhalenso m'mbiri ya kwathu kuno.

Chisilamu chisadafike, Arabu a ku Makka ndi Taif ankakongozana mpaka tsiku loikika. Tsikulo likakwana, mwini chuma ankapatsa wokongola zinthu ziwiri zoti asankhe: abweze pompo, kapena amuwonjezere nthawi ngongole nayo ikule. Iyi ndiyo riba imene ma ayah akumapeto kwa Surah Al-Baqarah adailetsa, ndipo ma ayah omwewo adalamula kumudikira wovutika mpaka atapeza. Pa Hajj yotsanzikana, m'chaka cha 632, Mtumiki (swalla Allahu alayhi wasallam) adathetsa riba yonse yakale, kuyambira ya bambo ake aang'ono, Al-Abbas. Tizindikire kuti riba imeneyi sinkaonekera tsiku lokongola. Inkadikira kumapeto kwa nthawi.

Koma Chisilamu sichidaletse kusamutsa ngongole. Hadith imene Bukhari ndi Muslim adailandira kudzera mwa Abu Hurayrah imadzudzula munthu wopeza amene amazengereza kubweza, ndipo imalangiza mwini chuma kuvomera ngati wamutumiza kwa munthu wina wokhoza kulipira. Pamenepa ndi pamene ma ulama adamangapo khomo la hawala. Mwachitsanzo, wogulitsa nsomba ku Liwonde ali ndi ngongole ya K200,000 kwa mwini galimoto, pomwe wogula wake wa ku Balaka ali naye ngongole ya K200,000 yomweyo. Wansomba atha kuuza wagalimoto kuti akatenge ndalama zake ku Balaka. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsatira, buku la Abu Shuja' limaika zofunika zinayi: wosamutsa afune, mwini chuma avomere, ngongole ikhale yokhazikika, ndipo ngongole ziwirizo zifanane mtundu ndi nthawi yobwezera. Mabuku olifotokozera amatsindikanso kuti zifanane kukula. Zikatero wansomba uja wamasuka, sangatsatidwenso. Hawala ya Shariah siwonjezera tambala, ndipo imamasula munthu.

Makolo athu ankaidziwa ngongole ya malonda. M'zaka za m'ma 1800 maulendo a Ayao ankapita ku Kilwa ndi madoko ena a kunyanja yamchere atanyamula minyanga, komanso akapolo, zomwe sitiyenera kubisa, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Malonda ambiri a njira zimenezo ankayendera katundu amene amalonda a Chimwenye a ku Zanzibar ankakongoza eni maulendo. Njira zomwezo ndi zimene zidabweretsa Chisilamu, chimene Mfumu Makanjila idalowa cha m'ma 1870.

Boma la Angerezi litakhazikika mu 1891, ndi asilikali a Harry Johnston atagonjetsa Mfumu Kawinga ku phiri la Chikala mu 1895, malonda aja adatha ndipo kudabwera msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama. Apa mpamene anthu athu adaona kusamutsa ngongole kwa mtundu wina. M'minda ya azungu ya ku Zomba ndi Chiradzulu, mwini munda ankatha kumulipirira munthu msonkho ku boma, munthuyo n'kubweza ndi ntchito. Mtsamunda wa boma adaleka kumusaka, koma kapitawo wa munda adayamba kumudzutsa m'mamawa. Thangata ameneyu ndi chimodzi mwa zimene zidadzetsa kuwukira kwa John Chilembwe mu 1915. Ngongole idachoka pamalo, koma munthu sadamasuke.

Lero zomwezi timaziona pa Ulongwe, pa Nsanama ndi pa boma la Balaka. Mphunzitsi atenga katapila wa K100,000 kuti abweze K150,000 pakutha pa mwezi. Akalephera, akongola kubanki m'khonde kuti atseke katapila, kenako akongola kwina kuti atseke banki m'khonde. Mlimi wa thonje amagulitsiratu mbewu ikadali m'munda. Aliyense mwa awa amati wathana ndi ngongole, chonsecho wangosintha womulondola.

Tibwerere kwa mnyamata wa ku Ntaja. Choyamba, zimene banki yachiwiri ikuchita si hawala ya Abu Shuja', chifukwa bankiyo ilibe naye ngongole. Ikumukongoza mwatsopano kuti atseke ngongole yakale. Chachiwiri, makadi ambiri otere amadula ndalama yosamutsira yowerengedwa molingana ndi kukula kwa ngongole, ndipo phindu lomangirira pa ngongole ndi riba ngakhale alitche dzina lina. Chachitatu, pepala limene asainelo limanena kuti miyezi yaulere ikatha, chotsala chonse chiyamba kubereka. Uku ndi kusankha kuja kwa ku Makka: bweza kapena ikule. N'chifukwa chake bungwe la ma ulama la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake wa ku Riyadh m'chaka cha 2000, lidagamula kuti khadi la ngongole lokhala ndi lamulo la chiwongoladzanja silololedwa, ngakhale mwini wake atatsimikiza mumtima kuti adzabweza nthawi yaulere isadathe. Kwa mwini khadi, lidaloleza kokha malipiro okhazikika a ntchito yeniyeni ya banki.

Sitikunena izi kuti timutsekere khomo munthu amene wamira kale. Cholinga chake chothawa riba ndi chabwino, ndipo amene wasowa njira ina iliyonse apite kwa shehe wodziwa za moyo wa komweko, chifukwa fiqh ili ndi malamulo a kusankha choipa chochepa. Koma asadafike pamenepo, tidzifunse ife abale ake. Qard hasan, ngongole yobweza momwe udatengera, ndiyo njira yoyamba. Surah At-Tawbah, ayah 60, idaika anthu angongole pakati pa magulu 8 olandira zakaat, koma ndi mizikiti ingati kwathu kuno imene idawombolapo munthu kwa wakatapila? Chipereganyu chimene amayi athu amachita m'misika, aliyense kulandira zofanana ndi zimene wasonkha, ma ulama ambiri amachiloleza. Ahmad al-Najjar adayamba ndi ndalama zochepa za alimi ku Mit Ghamr, m'dziko la Egypt, mu 1963, ndipo lero ngakhale kuno banki ya FDH idatsegula gawo la Salama.

Mnyamata uja tamuyankha kuti alembe ngongole yake yonse, aleke kugwiritsa ntchito khadilo, ndipo auze abale amene wakhala akuwatumizira ndalama kuti tsopano ndi iye wofunika kuthandizidwa. Allah ndiye wodziwa bwino.