Chenjezo lomwe linatsala ku Hana

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Nkhata Bay, ndipo tsiku lina masana ndinatsikira ku Chikale kukasambira. Nditatuluka m'madzi ndinapeza uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa msuweni wanga amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni. Anatumiza chithunzi cha thanki yaikulu yagalasi ya madzi amchere yomwe ili pabalaza pa abwana ake. M'katimo munali nsomba zamawangamawanga ndi miyala yomera tinthu tobiriwira tooneka ngati timaluwa. Pansi pake analemba kuti, "Asuweni, taonani zoweta za kuno. Loweruka ndikuchapa miyalayi, abwana akuti yada."

Nditamufunsa kachapidwe kake, anati amaitulutsa m'madzi, n'kuikwecha ndi burashi mu sinki, kenako n'kuithira madzi owira a m'ketulo. Mtima wanga unagunda, chifukwa mbiri ya timaluwa timeneti ndinali nditaiwerengapo.

Mbiriyo imayambira ku Hana, pa chilumba cha Maui ku Hawaii. Anthu akumeneko anali ndi nthano ya munthu wina yemwe anali ndi kamwa la shaki kumsana ndipo ankadya asodzi anzake. Atamutulukira anamupha, n'kumuwotcha, phulusa lake n'kulitaya m'kadziwe ka m'miyala m'mphepete mwa nyanja. Kuyambira pamenepo, akuti, ndere za m'kadziwemo zinasanduka zakupha. Anazitcha limu-make-o-Hana, kutanthauza ndere zakupha za ku Hana. Ankhondo ankazipaka kunsonga za mikondo, ndipo David Malo, wolemba mbiri wa ku Hawaii wa m'zaka za m'ma 1800, anazitchula m'zolemba zake. Malowo anali oletsedwa. Munthu wamba sankafikako, ndipo odziwa pamene panali kadziweko anali ochepa.

Mu 1961 akatswiri a ku yunivesite ya Hawaii anafunsafunsa mpaka anakapeza kadziweko. Eni dera anawachenjeza kuti akatapamo kanthu aona tsoka. Iwo anatapa ndithu pa 31 December chaka chimenecho, ndipo tsiku lomwelo moto unawononga nyumba yawo yofufuzira zam'madzi pa Coconut Island. Za motowo aliyense aganize zake. Chomwe chinatsimikizika n'chakuti m'kadziwemo munalidi imfa. Zomwe zinkatchedwa nderezo zinapezeka kuti ndi tinyama tofewa tokhala m'magulu, abale ake a korali, ta mtundu wa Palythoa. Mu 1971 Richard Moore ndi Paul Scheuer analengeza kuti apatula poizoni wake, n'kumutcha palytoxin. Mpaka lero amawerengedwa m'gulu la ziphe zoopsa kwambiri zopezeka m'chilengedwe. Kapangidwe kake n'kovuta moti panatenga zaka zina khumi kuti akamvetse, ndipo gulu la Yoshito Kishi ku Harvard linakwanitsa kumupanga m'labotale mu 1994.

Mmene amaphera ndi motere. Selo iliyonse ya m'thupi mwathu ili ndi timapampu totulutsa mchere wa sodium ndi kulowetsa potassium, ndipo minofu, mitsempha ndi mtima zimadalira ntchito imeneyi. Palytoxin akagwira kapampuko amakasandutsa chibowo chosatsekeka. Michere imayamba kungodutsa mwachisawawa, selo n'kuwonongeka. Munthu amamva kuwawa ngati kwa chitsulo m'kamwa, amatsokomola, amatentha thupi, amabanika, minofu imaphwanya. Akagwera m'diso amatha kuliwononga. Mankhwala othetsa poizoniyu palibe. Achipatala amangothandiza thupi kupirira mpaka atatha mphamvu.

Tinyamati timapezeka m'nyanja zamchere zofunda za madera ambiri, ndipo kuweta korali m'nyumba kutafala ku Ulaya ndi ku America, amalonda anatikonda chifukwa n'tokongola, sitifa msanga, ndipo timaswana mwachangu. Tina timabwera tokha titamatirira pa miyala yomwe munthu wagula. Si tonse tili ndi poizoni, koma ndi maso okha n'kovuta kusiyanitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zotsatira zake zinalembedwa. Mu August 2014, mumzinda wa Anchorage ku Alaska, anthu atatu a m'nyumba imodzi anadwala patangopita maola ochepa korali ataikidwa m'thanki yawo. Ziweto za m'nyumbamo zinadwalanso. Bungwe la zaumoyo la CDC litalemba za nkhaniyi mu 2015, linati anthu khumi a mumzindawo anadwala mwa njira yotereyi pakati pa 2012 ndi 2014. Mu 2017, ku Aldinga Beach kufupi ndi Adelaide ku Australia, banja la anthu 7 linathamangitsidwa kuchipatala pambuyo pokwecha korali wa m'thanki. Mu 2018, m'mudzi wa Steventon ku England, anthu khumi anapita kuchipatala, anayi mwa iwo ozimitsa moto omwe anabwera kudzathandiza. Ambiri mwa anthu amenewa sanakhudze n'komwe koraliyo. Anangopuma mpweya wa m'nyumba. Kukwecha kumamwaza timadontho, ndipo madzi owira amanyamula poizoniyo mu nthunzi, zomwe ndendende msuweni wanga ankafuna kuchita Loweruka.

Chimene chimandigwira mtima m'mbiri imeneyi n'chakuti anthu a ku Hana ankadziwa kale. Analibe labotale, koma anali ndi dzina lomwe linkanena poyera kuti chinthuchi chimapha, anali ndi nthano yoti mwana asaiwale, ndiponso lamulo loti pamalopo pasafike munthu. Malonda atabwera ananyamula kukongola kokha. Tinyamato tinakwera ndege m'timatumba ta pulasitiki, m'masitolo n'kupatsidwa mayina okoma okopa ogula, chenjezo n'kutsala kunyanja.

Wina afunsa kuti ife a m'mbali mwa nyanja yopanda mchere zikutikhudza bwanji, poti korali m'nyanja ya Malawi mulibe. Yankho lili pa miyala ya ku Chikale pomwepo. Mukavala galasi n'kumiza nkhope, muona tinsomba tabuluu ndi tamizeremizere tikudya ndere. M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa ku Britain, Geoffrey Fryer, anakhala ku Nkhata Bay akufufuza tinsomba timeneti, ndipo dzina loti mbuna, lomwe asodzi achitonga ankagwiritsa ntchito, linalowa m'mabuku a sayansi. Posakhalitsa malonda anatsatira. Kuyambira m'ma 1970 Stuart Grant ankatumiza kunja nsomba zamoyo kuchokera ku Salima, ndipo pali nsomba yotchedwa Aulonocara stuartgranti pokumbukira iye. Lero mawu oti mbuna amadziwika kwa oweta nsomba ku Germany, ku America ndi ku Japan. Nyanja yathu ili m'kati mwenimweni mwa malonda omwewa amene ananyamula timaluwa ta poizoni tija.

Mbuna zilibe palytoxin, koma thanki ya madzi opanda mchere nayo ili ndi zake. Kachilombo kotchedwa Mycobacterium marinum, m'bale wake wa koyambitsa chifuwa chachikulu, kanapezeka koyamba mu 1926 m'nsomba za m'mathanki ku Philadelphia. Kamalowa pa kabala ka pamanja n'kuyambitsa zilonda zosapola msanga, ndipo amene kamawagwira kawirikawiri ndi otsuka mathanki.

Nkhata Bay yakhala ikutumiza kunja zinthu ziwiri: nsomba ndi anthu. Kuyambira nthawi ya atsamunda amuna a kuno akhala akupita ku Rhodesia ndi ku South Africa, ambiri kukagwira ntchito zophika, za m'munda ndi za m'nyumba. Ulendowo sunathe, lero akupita ndi anzathu omwe tinalemba nawo mayeso a Fomu 4. M'nkhani za ku Alaska, ku Australia ndi ku England, ambiri mwa odwala anali eni mathanki ndi mabanja awo, anthu oti atha kuyimba foni ambulansi n'kubwera. Ku Joni wogwira burashi nthawi zambiri ndi wantchito. Sanagule ndiye koraliyo, sanauzidwe dzina lake, mwina mapepala ake ndi osalongosoka moti chipatala amachiopa. Akadwala usiku adzayesa ndi chimfine kapena malungo, n'kumwa panado, n'kugona m'kachipinda kake. Nkhani yake siidzalowa mu lipoti lililonse.

Ndinakhala pamchenga pomwepo n'kumujambulira mawu. Ndinamuuza kuti miyala ya m'thanki ya madzi amchere asaithire madzi otentha, asaikweche ili pamtunda, ndipo asaigwire popanda magolovesi aatali ndi magalasi oteteza maso. Ndinamuuzanso kuti mawindo azikhala otsegula, asambe m'manja bwinobwino akamaliza, ndipo akamva kubanika kapena kuwawa kwa chitsulo m'kamwa atulutse anthu onse m'nyumba, athamangire kuchipatala, akanene mawu awiri: korali ndi palytoxin. Mawu achiwiriwo ndinamulembera kuti awasunge mufoni.

Anayankha patapita kanthawi. "Ndamva asuweni. Koma abwana ndikawauze bwanji? Aona ngati ndikukana ntchito." Ndinamuuza kuti awaonetse nkhani ya ku England ija, poti m'nyumbamo muli ana, ndipo nthunzi siisankha wantchito kapena mwana wa bwana. Loweruka madzulo anatumiza chithunzi china: magolovesi obiriwira ofika m'zigongono, miyala ikadali m'madzi. Abwanawo, akuti, nawonso sankadziwa.

Ambiri a ife tili ndi m'bale ku Joni, ku Cape Town kapena ku Durban. Mukadzalankhula naye, mukatha za ndalama ya sukulu ndi za malata a nyumba, mumufunse ngati kumene amagwira ntchito kuli thanki ya nsomba, ndipo ngati iliko, amaitsuka ndani.